Tsiku lonse pa mjaho, hatchi osaiona

Kwathu ku Njewa kuno hatchi sitiidziwa. Chomwe timadziwa ndi bulu, uja amakoka ngolo ya njerwa m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, mutu uli pansi, kamnyamata kali pamwamba ndi chikoti. Za hatchi ine ndinkamvera kwa agogo anga aamuna, omwe anagwirapo ntchito yosamala maluwa kwa mzungu wina ku Harare, mzindawo ukutchedwabe Salisbury. Iwo ankangoti ku Halale. Madzulo akakhuta ankayamba kusimba za ku Borrowdale, kumene azungu ankathamangitsa mahatchi Loweruka, akazi awo atavala zipewa zazikulu ngati malichero. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Nanga agogo, hatchiyo ikamathamanga imaoneka bwanji?" Anayamba atsokomola kaye, kenako anati, "Ine ndinkalondera galimoto ya bwana panja."

Tinaseka mpaka misozi. Sindinkadziwa kuti nanenso yankho langa lidzakhala lomwelo.

Pa 6 July 2019, tsiku lomwe Malawi ankakwanitsa zaka 55 ali pa ufulu wodzilamulira, ine ndinakhala kuyambira m'bandakucha mpaka pakati pa usiku mkati mwenimweni mwa bwalo la mpikisano wotchuka wa mahatchi ku South Africa, uja amati Durban July. Ndinabetcherapo ndalama ya malata a nyumba ya mayi anga. Koma hatchi ikuthamanga sindinaione ngakhale imodzi. Nkhaniyi ndaisunga nthawi yaitali, ndipo mayi saidziwa.

Ku Joni ndinapita mu 2018, monga amapitira anyamata ambiri a kuno: satifiketi ya MSCE ili m'chikwama, ntchito kulibe, ganyu youmba njerwa yatopetsa. Basi inadzera pa Dedza, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Nyamapanda. Harare ya agogo ija ndinaidutsa ndili m'tulo. Ku Johannesburg sindinakhalitse. Msuweni wanga anali ku Durban, ndiye ndinamutsatira. Ndinayamba ndi kutsuka galimoto, kenako ndinapeza malo otsuka mbale mu lesitilanti ina.

Ponyamuka ndinasiya lonjezo limodzi. Nyumba ya mayi ndi ya njerwa zowotcha, bambo anaimanga asanamwalire, koma denga linali la udzu ndi pulasitiki. Mvula ikagwa usiku tinkadzuka tonse kusuntha mphasa ndi kutchera mabeseni. Ndinawauza mayi kuti dzinja la 2019 lidzawapeza ali pansi pa malata. Ndalama ndinkasunga m'chitini cha polishi, pansi pa chikwama cha zovala.

Kumapeto kwa March chaka chomwecho zinthu zinavuta. Ku Burnwood, kadera ka zisakasa kufupi ndi Sydenham, anthu anaukira alendo usiku, ndipo Amalawi ambirimbiri anathawira ku polisi ya Sydenham ndi ana ndi zofunda. Ena anasankha kubwerera kumudzi. Ife sitinkakhala ku Burnwood, koma sikunali kutali. Tinadzitsekera m'nyumba masiku angapo. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kukhala chete m'minibasi, foni ikalira osayankha, kuopa kuti Chichewa chingandiulule. Masabata amenewo ntchito inasokonekera, ndalama ya m'chitini ndinayamba kuidya. Pofika kumapeto kwa June munali R2,600 yokha. Nthawi imeneyo randi imodzi inkasinthidwa pafupifupi K50. Werengani nokha. Malata, misomali, mitengo, mmisiri: sizinkakwana.

Ndiye msuweni anabwera ndi nkhani ziwiri. Yoyamba inali ya ganyu. Kampani ina yophika zakudya inkafuna anthu otolera ndi kutsuka matambula tsiku la July. Chofunika ndi buluku lakuda, malaya oyera ndi nsapato zakuda. Yachiwiri anainena motsitsa mawu.

"Aise, chaka chino kuli hatchi. Dzina lake Hawwaam. Mwini wake ndi Sheikh Hamdan wa ku Dubai, woiphunzitsa ndi Mike de Kock. Mwezi watha yapambana pa bwalo lomwelo. Palibe yoigwira. Ukaikapo ndalama yakoyo, madzulo yabereka kuposa kawiri. Malata ako atheka tsiku limodzi."

Ndinamuuza kuti ine za juga ayi. Anati iyi si juga, ndi masamu.

Lamulungu lake tinapita kumene Amalawi tinkakumana pogula usipa ndi nyemba zochokera kumudzi. Kumeneko kunkabwera madala ena a ku Mangochi, omwe anagwira ntchito zaka zambiri m'makola a mahatchi ku Summerveld, kunja kwa Durban. Ntchito yawo inali yodzuka 4 koloko, kuchotsa ndowe, kupesa hatchi, kuidyetsa, kuiyendetsa. Msuweni anawafunsa za Hawwaam poganiza kuti amuthira mphamvu. Madalawo anavomereza kuti liwiro lilipo. Kenako anayang'ana ine, osati msuweni, n'kunena kuti, "Mwana wanga, hatchi ndi nyama. Imadzuka ndi mtima wake. Ine ndagona nazo khola limodzi zaka zonsezi, sindinaikepo ngakhale randi." Anatisimbiranso za Sea Cottage, hatchi yomwe mu 1966 munthu wina anaiwombera ndi mfuti kutatsala masabata atatu kuti July achitike, chifukwa cha ndalama za mabetcha. Chipolopolo chili m'thupi inathamangabe n'kukhala ya nambala 4, ndipo mu 1967 inapambana, italingana pamzere ndi ina yotchedwa Jollify. Madalawo ankafuna timve zomwe ndalama imachititsa anthu. Ife tinangomva zoti hatchi yabwino ngakhale mfuti siiimitsa.

Loweruka m'mawa, ndikuvala malaya oyera aja, ndinatsegula chitini n'kutenga R2,000. Ndinadziuza kuti ndikuitenga chifukwa m'nyumba simudalirika tsiku lonse mulibe munthu. Bodza loyamba linali limenelo, ndipo ndinanamiza mwini wake ine.

Bwalo la Greyville lili mkati mwa mzinda. Msewu wa mahatchi ndi wa kapinga, wozungulira mtunda wa mamita 2,800, ndipo malo omwe wazinga pakatipo ndi aakulu moti muli bwalo la gofu lathunthu, la Royal Durban Golf Club. Mpikisanowu unayamba mu 1897 ndipo umachitika Loweruka loyamba la July. Tsikulo pamakhala mijaho yambiri, koma waukuluwo ndi wa mamita 2,200. Hatchi yomwe yaonetsa kale mphamvu amaisenzetsa kulemera kochuluka kuposa zinzake, mpaka kuika zitsulo m'chishalo, kuti zonse zikhale ndi mwayi. Anthu amabwera pafupifupi 50,000. Ndipo chinthu chomwe chasonkhanitsa chikhamu chonsecho chimatha mphindi ziwiri ndi timasekondi.

Mbali ina kuli masitandi, kumene amakhala eni mahatchi ndi madala a mabetcha, aja amayenda ndi kabuku ndi cholembera. Mbali ya mkati, pakati pa mkombero paja, amamanga mudzi wa matenti. Ife tinali kumeneko.

Anzanga, ndinaonako maukwati a ku Area 10 poperekera zakudya, koma zija n'zina. Chaka chilichonse okonza amapereka mutu woti anthu avalire, ndipo wa chaka chimenecho unali Stars of Africa. Pofika 11 koloko kapinga yense anali atasanduka msika wa nsalu. Madiresi okhwekhwereza pansi, nthenga kumutu, mikanda m'khosi mpaka m'mapewa, amuna masuti a chitenje, nsapato zonyezimira opanda sokosi. Tenti iliyonse inali ndi DJ wake. Uku gqom ya ku Durban konko ikugunda mpaka m'nthiti, uko amapiano, omwe nthawi imeneyo ankangoyamba kumene kulanda dziko. Botolo la shampeni likamabwera linkabwera ndi timoto tothetheka, atsikana atalinyamula m'mwamba ngati mwana wa mfumu, aliyense foni ili m'manja kujambula.

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti pafupifupi onse anali atafulatira mahatchi. Mijaho inayamba masana, wolengeza akukuwa pa masipika, koma m'tenti mwathu mawu ake ankamira m'nyimbo. Panali sikirini yoonetsa mpikisano, ndipo ntchito yake yaikulu inali yoti anthu aziima kutsogolo kwake pojambulitsa. Munthu analipira tikiti yodula, anasoketsa zovala kwa mwezi wathunthu, anakwera ndege kuchokera ku Johannesburg, kudzafulatira chinthu chomwe wabwerera.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti si ku Durban kokha. Ku America, pa Kentucky Derby, mpikisano womwe unayamba mu 1875 mumzinda wa Louisville, anthu zikwizikwi amadzazana mkati mwa mkombero, kumwa ndi kugubuduzika m'matope mvula ikagwa, ambiri osaona ngakhale mchira wa hatchi. Mu 2015 kunafika anthu oposa 170,000. Ku Baltimore, pa Preakness, anyamata oledzera anali ndi masewera awoawo othamanga pamwamba pa zimbudzi zoyimika zija, anzawo akuwagenda ndi zitini za mowa, mpaka mu 2009 eni bwalo analetsa anthu kulowa ndi mowa wawo. Ndipo tisanamizane, ngakhale kuno tili nazo. Pitani pa Bingu Stadium kapena pa Civo tsiku lomwe Bullets kapena Manoma abwera kudzakumana ndi Silver. Mudzaona mkulu woyambitsa nyimbo uja, thupi lonse penti, atafulatira bwalo mphindi 90 zonse. Chigoli amachimvera pa nkhope za anzake. Pa ukwati, ndi angati mwa ovina perekaniperekani amadziwa dzina la mkwati?

Koma tsiku limenelo sindinkaganiza mwa ubwino choncho. Ndinali ndi thireyi m'manja ndi mkwiyo m'mimba. Anthu awa avala Africa thupi lonse, ndinkatero mumtima, pomwe ine wa ku Africa komweko ndatha miyezi itatu ndikubisa lilime langa. Botolo limodzi pa tebulo lija linkaposa malipiro anga a mwezi, ndipo theka lake ndinkalikhuthula mu ndowa. Mkulu wina wa suti yofiirira, ataledzera kale 2 koloko isanakwane, anandigwira phewa n'kundifunsa kwathu. Ndinazengereza, kenako ndinanena zoona. Anandikumbatira, n'kunena kuti Amalawi ndi anthu abwino, anamulera ndi mayi wa ku Malawi, ndipo anandipanikizira R100 m'thumba la malaya. Sindinadziwe kuti ndithokoze kapena ndilire. Ndinathokoza.

Cha m'ma 3 koloko kapitawo anatipatsa mphindi 15 zoti tidye. Ndinatsegula foni n'kupeza uthenga wa mawu pa WhatsApp, mlongo wanga atawajambula mayi. Ankati kumudzi tsiku la ufulu ladutsa mwa zii, anthu akadali ndi mkwiyo wa chisankho cha pa 21 May, msewu wa ku Mchinji sukuyendeka bwino masiku a mademo. Kenako anati, "Mmisiri uja anabwera kudzayeza denga. Koma iwe usadzipanikize mwanawe. Tagona m'madzi zaka zonsezi, sitinafe."

Mawu amenewo anayenera kundibweza. M'malo mwake ndi omwe anandikankha. Ndinasiya chakudya n'kuthamangira pa windo lobetchera.

Kutsogolo kwanga pa mzere kunali atsikana awiri, nsapato zazitali zili m'manja. Mmodzi anaika R20 pa hatchi ina chifukwa dzina lake linamusangalatsa. Mnzake anaika R20 pa ina chifukwa malaya a wokwerayo ankafanana ndi diresi lake. Anachoka akuseka. Ndinawanyoza mumtima: anthu osadziwa kanthu. Ine ndinali ndi masamu. Nditafika ndinatchula Hawwaam, kuti ipambane, n'kutulutsa ndalama. Mayi wa pa windoyo anayang'ana ndalamazo, anayang'ana malaya anga a ntchito, n'kundifunsa kawiri ngati ndikutsimikiza. Ndinagwedeza mutu. Kapepala ndinakapinda n'kukabisa mu sokosi.

Nthawi ya mjaho waukulu itayandikira, itangodutsa 4 koloko, nyimbo anazizimitsa koyamba tsiku lonse. Anthu anatuluka m'matenti ndi matambula awo, ena kukwera pa mipando, ena kuthamangira ku mpanda. Ndinati nanenso ndisuzumire. Pomwepo kapitawo anandikodola: ayisi watha, matambula oyera atha, pita kuseri. Kuseri kwa tenti kunali mabeseni, makireti ndi chinsalu choyera chotchinga chilichonse. Ndinaviika manja m'madzi a sopo, makutu ali kunja.

Mjaho unachedwa kuyamba. Wolengeza ankalankhula mofulumira, ndipo ndinamva dzina la Hawwaam kawiri, katatu. Kenako chikhamu chonse chinabuula pamodzi, kubuula kwa pamaliro mtembo ukamatuluka m'nyumba. Liwu lachingerezi lomwe ndinatola linali lakuti scratched. Mnyamata wina anadutsa ndi kireti akutukwana, n'kunena kuti Hawwaam wavuta m'tizipinda tachitsulo toyambira tija, dokotala wa ziweto wamuyeza, ndipo wachotsedwa. Sathamanga.

Sindinkadziwa malamulo a mabetcha. M'mutu mwanga zinali zachidule: hatchi yanga sipambana, ndiye kuti ndalama yapita. Miyendo inafooka, ndinakhala pa kireti. Mphindi zochepa kenako nthaka inayamba kunjenjemera pang'ono, ngati lole ya mchenga ikudutsa kuseri kwa nyumba, ndipo phokoso la anthu linakwera, kukwera, mpaka kusweka. Do It Again, yomwe inapambananso mu 2018, inapambana kachiwiri itasenza makilogalamu 60, Richard Fourie ali pamsana. Rainbow Bridge inabwera pambuyo pake. Anthu amati unali mjaho wa mbiri, chifukwa chichitireni El Picha mu 1999 ndi 2000 panalibe hatchi ina yomwe inapambana zaka ziwiri zotsatizana. Ine mbiriyo ndinaionera pa chinsalu choyera.

DJ anabwezera nyimbo wolengeza asanamalize n'komwe kutchula mayina.

Maola atatu otsatira ndi omwe andichititsa kulemba nkhaniyi. Ndinabwerera m'tenti ndi thireyi, kumwetulira monga anatiuzira. Phwando linali litafika pokoma. Magetsi ayaka, majekete avulidwa, nthenga zija zapindika, anthu akuvina pa kapinga wosanduka matope a mowa. Mtsikana wina anandiimitsa cha m'ma 6 koloko n'kundifunsa kuti mjaho waukulu uyamba nthawi yanji. Ine mutu unali pa ntchito ina. Ndinkakonza zoti ndikawauze mayi.

Ndipo bodza linabwera mosavuta mochititsa mantha. Ndikanena kuti anandibera. Anyamata a konkuno anandiimitsa usiku, anamva kuti ndine mlendo, anandilanda zonse. Ndani akanakayika? Nkhani za ku Burnwood zinali zitamveka kale pa wailesi kumudzi. Mayi akanalira, akanathokoza Mulungu kuti ndili moyo, akanapita kutchalitchi kukapereka umboni. Ndinakonza mpaka dzina la msewu, mpaka mtundu wa mpeni. Mavuto enieni a Amalawi anzanga, omwe anagona panja pa polisi ndi makanda, ndinali wokonzeka kuwasandutsa chofunda chobisira manyazi anga. Ndikakumbukira zimenezi mpaka lero thupi limachita tsemwe. Kutaya ndalama ndi tsoka, limagwera aliyense. Koma munthu yemwe ndinamupeza mkati mwanga madzulo amenewo sindinkamudziwa.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wachizulu, wamkulu ngati mayi anga, yemwe tinkatsuka naye matambula. Anaona kuti ndikutsuka tambula imodzi kachitatu. Anandifunsa chavuta. Ndinangovula nsapato n'kumupatsa kapepala kaja, katanyowa ndi thukuta. Anakayang'ana pa kuwala, anayang'ana chiwerengero, n'kundimenya kambama ka pa phewa kopweteka ndithu. Anandiuza kuti hatchi ikachotsedwa isananyamuke, ndalama ya kubetcha kwa mtundu wangawo imabwezedwa yonse. Ndithamange asanatseke. Matambula anga atsuka ndi iye.

Pa windo ndinapeza mayi yemwe uja. Analowetsa kapepala m'makina, anawerenga R2,000, n'kundipatsa osanena kanthu. Sinachuluke, sinachepe. Ndinaiwerenga kanayi nditatsamira mpanda. Nditabwerera kuseri kuja, mayi wachizulu uja anandiuza m'Chingerezi chosakaniza kuti masewera awa ndi a anthu omwe ndalama ikapita amaitanitsa botolo lina. Sindinafunse dzina lake. Munthu yemwe ndinkafuna kunamizira mtundu wake ndi yemwe anatsuka matambula anga.

Usiku anthu atayamba kuchoka, bwalo lija linaoneka ngati msika wa Lizulu mvula itagwa. Mabotolo, nthenga, nsapato imodziimodzi zosowa zinzake, ndi timapepala ta mabetcha tambirimbiri tomwazika ngati masamba a m'chilimwe. Bambo wina wa suti yoyera anagona chagada pa kapinga, foni ikulira pa chifuwa. Anzanga omwe anagwirapo kale ankasimba kuti zaka za m'mbuyo, mjaho womaliza ukatha, amuna oledzera ankavula n'kuthamanga okha m'msewu wa mahatchi, ati mjaho wa 13. Ife tinatola zinyalala mpaka kudutsa 12 koloko. Atatinyamula pa galimoto, ndinali ndi malipiro a ganyu, R100 ya mkulu wa suti yofiirira, ndi ndalama ya mayi mu sokosi.

Msuweni naye anabwezeredwa yake. Anaiika pomwepo pa mjaho wotsatira, kenako wina, ndipo anafika kunyumba ndi ya minibasi yokha. Mpaka lero tikalankhula pa foni amati, "Koma ikanathamanga ija, aise, tikanadya." Mwina n'zoona. Ndipo zimenezo n'zomwe zimandiopsa kwambiri. Ikanapambana, ndikanaphunzira kuti masamu amagwira, ndipo Loweruka lotsatira ndikanabwerera ndi zonse.

Ndakhala ndikuwaganizira atsikana awiri aja a R20. Ndinawatenga ngati mbuli, chonsecho mwa tonse pa mzere uja iwo ndi omwe ankadziwa chomwe akugula. Anagula chifukwa chokuwira mphindi ziwiri. Hatchi zawo zitalephera anataya timapepala n'kubwerera kovina, palibe denga la munthu lomwe linagwedezeka. Sindikuti anthu a m'matenti aja ndi angelo. Ena analowa ngongole kuti aoneke, ena ankatiitana ndi mluzu ngati agalu, ndipo chisangalalo chawo chinasenzedwa ndi anthu ngati madala a ku Mangochi aja, odzuka 4 koloko, omwe mayina awo salengezedwa pa masipika. Koma pa nkhani ya ndalama, iwo anabwera ndi yoti aiwotche, anaiwotcha, n'kupita kwawo ndi zithunzi. Ine ndinabwera ndi yoti indipulumutse. Woledzera weniweni pa bwalo lija anali wa malaya oyera yemwe sanalawe dontho. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ine ndinachotsa wa pamphuno n'kumupereka kwa mphepo, ndipo mphepoyo inangokana yokha.

Lolemba lake ndinatumiza ndalama yonse kumudzi ndisanadye chilichonse. Sinakwane nyumba yonse. Inafolera zipinda ziwiri, chogona mayi ndi cha atsikana. Mbali yotsalayo tinadzamaliza patapita zaka ziwiri, pang'onopang'ono, mwa njira yotopetsa ija yopanda nkhani yosimba.

Kumapeto kwa March 2020 South Africa inatseka zonse chifukwa cha Covid-19. Malesitilanti anatsekedwa, ntchito inatha, ndipo patapita miyezi ndinakwera nawo mabasi obwerera kumudzi. Chaka chimenecho Durban July inachitika popanda oonerera. Kunalibe matenti, kunalibe DJ, kunalibe nthenga. Mahatchi anathamangabe mamita awo 2,200, ndipo inapambana ndi Belgarion. Nditamva ndinaseka ndekha. Mahatchi sankafuna anthu aja, ndipo anthu aja sankafuna mahatchi. Ankangobwerekana tsiku.

Tsopano chifukwa chomwe ndalembera. Sabata yatha mphwanga wa Fomu 3 anandipempha K2,000, ati ya bandulo yoti afufuzire za kusukulu. Madzulo ndinamupeza pa khonde la golosale pa Njewa pompa, ali ndi anzake anayi, mitu itagundana pa foni imodzi, akuyang'ana kandege kaja kakukwera. Nkhope yake ndinaizindikira. Ndi yomwe mayi wa pa windo uja anaiona.

Mukayenda ku Chinsapo, ku Kawale, ku Area 25, muziona nokha. M'mashopu obetchera muli masikirini pomwe mahatchi ndi agalu a pa kompyuta amathamanga mphindi zingapo zilizonse, m'mawa mpaka usiku. M'mafoni mwathu bwalo silitseka. Mjaho tautenga, phwando talisiya. Palibe chovala chosoketsa, palibe gule, palibe mnzako wokukumbatira ataledzera. Pali iwe, bandulo, ndi ndalama yomwe inali ya chinthu china: ya mayeso, ya feteleza, ya lendi, ya kabaza ya bwana. Ndipo chomwe chinandipulumutsa ine kumeneko kulibe. Hatchi ya pa kompyuta sidzuka ndi mtima wake. Kandege sikavuta pa chipata kuti dokotala akachotse. Kuseri kwa foni kulibe mayi wachikulire woti aone kuti ukutsuka tambula imodzi kachitatu.

Sindikudziyesa wochira. Masiku ena mwezi ukafika pakati, ndalama itatha, chala chimayabwa, ndipo mawu a msuweni aja amabwera: iyi si juga, ndi masamu. Chomwe ndimachita ndi kudzifunsa funso limodzi. Ndalama iyi ikapita, ndikanena chiyani kunyumba? Ndikangoona kuti yankho layamba kudzikonza lokha, lili ndi dzina la msewu ndi mtundu wa mpeni, foni ndimaibwezera m'thumba.

Mphwanga sindinamukalipire. Ndinamutenga tikuyenda kupita kunyumba, n'kumusimbira zonsezi, kuyambira chitini cha polishi mpaka kambama ka pa phewa. Ndinamuuzanso za bodza lija, lomwe sindinauzepo munthu. Anakhala chete mtunda wautali. Sindikudziwa ngati zinalowa; ali ndi zaka 17, ndipo ine madala a ku Mangochi sindinawamvere ndili ndi zaka zoposa pamenepo. Ndikudziwanso kuti mlongo wanga amawerenga zomwe ndimalemba, ndiye mawa kapena mkuja mayi akhala atamva. Amayi, malata ali pamutu panuwo anatsala pang'ono kuthera pa windo. Pepani.

Titayandikira kunyumba, mphwanga anakhosomola n'kufunsa funso lomwe linkamuvuta nthawi yonseyi.

"Koma achimwene, hatchi yeniyeniyo ikamathamanga imaoneka bwanji?"

Ndinamuuza zoona. Ine ndinkatsuka matambula kuseri.